Mzere Umene Ndinalemba M'malo Molankhula

Tsiku limene ndinanyamuka ku Wimbe agogo sanandiperekeze. Kunali kutagwa mame, fodya anali wofewa, ndipo fodya wofewa sadikira munthu. Ndinawapeza m'chigafa atakhala pa thumba, masamba ali pamiyendo, akusankha. Ndinagwada chapakhomo nkunena kuti ndikupita. Anayang'ana nsapato zanga, anayang'ana chikwama, kenaka anati ndikafika kumeneko ndizikadya, ndipo ndisakatsutsane ndi akuluakulu. Wa kabaza anali akudikira kale pamsewu.

Mayi ndi bambo anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo agogowo ndiwo anandilera. Pakhomo pathu panalibe zolankhula zambiri. Ndinakula ndikuona zinthu koma osazinena. Ndinkadziwa galu amene ankadya mazira athu. Ndinkadziwa belo limene malume anabisamo masamba akuda pakati. Palibe anandifunsa, ndipo ine sindinauze munthu.

Nditamaliza koleji ku Blantyre ntchito inasowa. Ndinabwerera ku Kasungu nkumakonza makompyuta m'kasitolo kena pa boma. Makasitomala akasowa, ndinkawerenga buku la malangizo la pulogalamu ina yaikulu imene anthu a m'mayiko ambiri amalembera limodzi, ndipo aliyense amaloledwa kuiwerenga. M'bukumo ndinkapeza tizolakwika, apa dzina losinthika, apo chitsanzo chosagwira, ndipo ndinkatumiza zokonza pa imelo. Tsiku lina kunabwera yankho la Chingerezi lovomera, koma pansi pake panali mzere umodzi wa Chichewa, wofunsa kuti ndine mwana wa kuti. Anali a Zgambo, munthu wa cha ku Nkhamenya amene anakhala ku Cape Town zaka zambiri. Tinalemberana chaka chathunthu. Kenaka iwo anakalankhula ndi bwana wawo, mapepala anayenda, ine nkukwera basi kupita ku Cape Town.

Ntchito yake ndiifotokoze pang'ono, chifukwa kwathu ena amakhulupirirabe kuti ndinkakonza mafoni ku Joni. M'kompyuta muli pulogalamu imene imagawira mapulogalamu ena onse malo ndi nthawi. Imeneyo ndiyo kenelo, pulogalamu yaikulu ija ndinkawerenga buku lake. Mkati mwake muli tintchito ting'onoting'ono tosawerengeka, mafankishoni, timene timaitanizana: aka kaitana ako, ako kaitana kena, kenaka tonse nkubwerera. Makina akayamba kuchedwa kapena kuchita zachilendo, munthu amafuna kudziwa kuti ndani waitana ndani, ndipo wachedwa pati. Pali gawo la kenelo limene limalemba mapazi onsewo. Ine ndi a Zgambo tinkalitcha kalondolondo. Kampani yathu inkapanga mabokosi oika pa nsanja za mafoni, ndipo purosesa ya m'mabokosimo, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa makina, inali ya mtundu wosafala. Ife awiri tinkasamalira kalondolondo wa purosesa imeneyo, pamodzi ndi masamba ake m'buku la malangizo. Mayina athu anali pa mndandanda wa osamalira, lawo pamwamba, langa pansi.

Kalondolondo ali ndi lamulo limodzi lalikulu, lakuti asadzitsate yekha. Akalemba phazi lake lomwe, kulembako kumasanduka phazi lina loti alembe, ndipo amazungulira pomwepo mpaka makina auma gwa. Choncho fankishoni iliyonse imene iye amagwiritsa ntchito timaiika chizindikiro, liwu limodzi kutsogolo kwa dzina lake, lomuuza kuti iyi ailumphe. A Zgambo anandiphunzitsa zimenezi sabata yoyamba.

Tinkakhala amuna asanu m'nyumba imodzi, tonse a kumudzi. Awiri ankagwira m'magadeni a azungu, mmodzi ankaphika mu lesitilanti. Ine ndi a Zgambo ankatitcha mabwana a pampando, ndipo ankati manja athu ndi ofewa ngati a mwana wakhanda, sitingathe ngakhale kutsekula chitini cha nsomba. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mano. Ndinafika ndi juzi imodzi. A Zgambo anandiyang'ana pa siteshoni ya sitima ndikunjenjemera, madzulo anabwera ndi jekete la kaunjika lofika m'mawondo. Sankanditchula dzina. Ankangoti Wimbe, ndipo akakondwa ankati mwana wane, mwa Chitumbuka chakwawo. M'sitima, anthu akayamba kutifunsa kuti ndife a dziko liti ndi mawu aja tinkawadziwa kumene akulowera, iwo ankaima pakati pa ine ndi anthuwo nkumayankha m'chinenero cha komweko. Nthawi ya feteleza ankandikumbutsa kutumiza kangachepe kwa agogo ine ndisanakumbukire.

Chimene chinandivuta kwambiri sichinali mphepo koma bwalo. Chosintha chilichonse pa kenelo, chimene timati chigamba, chimatumizidwa pa imelo ku gulu la anthu mazanamazana, ndipo aliyense amatha kuchiyankha onse akuona. Limenelo ndilo tinkati bwalo. Kumeneko kulibe moni. Munthu amangolemba pansi pa mzere wako kuti apa walakwa, chifukwa chake ndi ichi. Mnyamata wosamera ndevu amauza munthu wa zidzukulu kuti zimene walemba sizigwira, ndipo wa zidzukuluyo amathokoza. Tsiku limene anandichita ine koyamba sindinadye. A Zgambo anaseka mpaka kutsokomola, nkundiuza kuti akundikonza chifukwa akuwerenga zanga, ndidzalire tsiku limene adzasiye. Ukayang'ana chigamba cha mnzako nkukhutira, umaika dzina lako pansi pake kutsimikiza kuti wachiona ndipo chili bwino. Dzinalo silifufutika. Pamwamba pa ife panali mayi wina wa ku Ulaya amene ankalandira zigamba zathu nkuzilowetsa. Sitinamuonepo nkhope. Chifukwa cha kalembedwe kake kachidule, a Zgambo anamutcha a Hedi.

Zaka zinapita. Ine ndinazolowera kukonzedwa, ndinazolowera ngakhale kukonza anthu osawadziwa. A Zgambo anayamba kukulitsa zilembo pa kompyuta yawo. Kawiri kapena katatu anthu a pabwalo anawapezera zolakwika zimene kale sakanachita. Bwana wathu, munthu wocheperapo kwa iwo, ankawerenga bwalolo tsiku ndi tsiku. Anayamba kunena m'misonkhano kuti mwina ntchito ya kalondolondo ikhoza kukwanira munthu mmodzi. Pemiti ya a Zgambo yogwirira ntchito m'dzikomo inali kutha chaka chimenecho, ndipo kuti iwonjezedwe pankafunika kalata ya kampani. Popanda kalatayo anayenera kubwerera kumudzi, nyumba yawo ku Nkhamenya isanafoleredwe, mwana wawo womaliza ali pakati pa sukulu. Tonse m'nyumba muja tinkadziwa, koma sitinkakamba.

Iwo anayankha ndi ntchito. Kwa miyezi itatu analemba chigamba chachikulu chopangitsa kalondolondo kukhala wopepuka, kuti anthu azitha kumuyatsa makina ali pa ntchito popanda kuwachedwetsa. Chinali chigamba chokongola. Anachitumiza pabwalo Lolemba m'mawa, nkundiuza kuti ndichiyang'ane.

Ndinachiwerenga masiku awiri. Cha kumapeto ndinapeza kafankishoni katsopano kowerenga nthawi, kamene kalondolondo ankakaitana, ndipo kanalibe chizindikiro. Ndinabwereza kanayi. Masiku onse sikakanavuta, chifukwa kankaitanidwa kokha pamene mbali ina ya purosesa ikudzuka kutulo. Koma munthu akayatsa kalondolondo pa mabokosi amene amaloledwa kugona, tsiku lina makina adzauma.

Choyenera kuchita ndinkachidziwa. Kunali kuyankha pabwalo, pansi pa mzere umenewo, kuti apa mwaiwala chizindikiro. Ndinalemba yankholo nkulifufuta. Ndinkaona bwana akuliwerenga. Ndinkaona dzina langa pamwamba, likuuza dziko lonse kuti munthu amene anandiphunzitsa lamulo loyamba waliiwala, kalata yake isanasainidwe. Kutumiza chigamba changa chokonza kunali chimodzimodzi, chifukwa chigamba chokonza chimatchula chimene chikukonzedwa ndi mwini wake.

Ndiye ndinachita za kwathu. Ndinadikira Loweruka, iwo akuchapa malaya kuseri kwa nyumba, ndinakhala pa njerwa chapatali pang'ono, ndinayamba ndi za mvula, kenaka za mpira, kenaka ndinati:

“Madala, kafankishoni kowerenga nthawi kaja, kaya munakaonetsetsa?”

“Kati? Ka kumapeto kaja?” Anafinya malaya. “Wimbe, ntchito iyi ndinayamba iwe ukuvala kabudula wobooka kumbuyo.”

Anaseka, nanenso ndinaseka. Anandifunsa ngati pali chimene ndaona. Ndinati ayi, ndimangofunsa.

Lolemba ndinaika dzina langa pansi pa chigamba chawo. Tsiku lomwelo ndinatsekula buku la malangizo, pa tsamba la kayatsidwe ka kalondolondo, nkuwonjezera mzere umodzi: musamuyatse pa makina amene purosesa yake ikuloledwa kugona. Sindinalembe chifukwa. Zokonza za m'buku anthu sankazisamala kwenikweni, ndipo a Hedi analowetsa zonse ziwiri. Ndinadziuza kuti ndatchinga dzenje ndi mpanda, ndipo kalata ikangosainidwa ndidzalikwirira mwakachetechete. Ndinali nditasamalira bukulo zaka zonsezo, ndipo ndinkadziwa kuposa aliyense kuti anthu amaliwerenga zinthu zikavuta kale.

Panapita milungu ingapo. Bwana anayamikira chigambacho mumsonkhano. A Zgambo anagula nkhuku ziwiri, tinadya tonse asanu. Kalata inali pa tebulo la bwana, ikudikira kuti abwere kuchokera ku ulendo.

Lachitatu lina masana, mmisiri wa kampani ina imene inagula mabokosi athu anali kufufuza vuto lina losagwirizana ndi ife. Anayatsa kalondolondo pa nsanja zingapo nthawi imodzi. Mabokosi anauma limodzi ndi limodzi. M'dera lina la kumidzi mafoni anasiya kugwira mpaka dzuwa kupendeka, kufikira anthu atayenda pa galimoto kukazimitsa ndi kuyatsanso bokosi lililonse ndi manja. Sindinamve kuti pali amene anavulala nazo. Sindinafunsenso, ndipo mpaka lero ndimaganiza za munthu amene mwina ankaimba foni kufuna galimoto yopita kuchipatala.

Ofesi yonse inagwa m'kufufuza. Ine ndinakhala pa mpando wanga ndikudziwa yankho. Ndisanalimbe mtima, a Hedi anali atapeza kale. Analemba pabwalo mizere itatu. Woyamba unatchula kafankishoni kopanda chizindikiro. Wachiwiri unati zoterezi zimachitikira aliyense, tikonze. Wachitatu unali wa ine. Anati wapeza chenjezo m'buku la malangizo, lolembedwa tsiku lomwe chigamba chinavomerezedwa, ndi munthu yemwe anachivomerezayo, ndipo akufuna kudziwa ngati wolembayo ankadziwa.

A Zgambo ankakhala moyang'anana nane. Ndinawaona akuyandikiza nkhope ku kompyuta, akuwerenga, kenaka akuvula magalasi. Sanandiyang'ane.

Bwana, amene anali atangobwerako ku ulendo, anatiitana m'mawa mwake. Sanakalipe. Anandifunsa ine mwachindunji ngati ndinaona vutolo ndisanaike dzina langa. Ndisanatsekule pakamwa, a Zgambo anayankha. Anati mnyamatayu anawauza kunyumba momveka bwino, iwo nkukana kumva, nkumulamula kuti avomereze, ndipo kwathu wamng'ono sakana mawu a wamkulu. Bwana anatembenukira kwa ine kufunsa ngati zinali choncho. Ndinayang'ana pansi. Anafunsanso. Ndinakhalabe chete, ndipo iye anatenga chetelo ngati kuvomera.

Madzulo pa siteshoni tinaima motalikirana. Sitima inachedwa. Kenaka anabwera pafupi, manja ali m'thumba.

“Unaona.”

“Ndinaona, madala.”

“Nkundifunsa ngati mkamwini wopempha munda kwa apongozi.”

“Ndimaopa kalata ija.”

“Ukanalemba pabwalo, ndikanakonza tsiku lomwelo. Liwu limodzi. Anthu akanaiwala pofika Lachisanu.” Anayang'ana ku njanji. “Unandiyesa nkhalamba yoti aibisire imfa ya mbuzi yake. Chimenecho ndicho chandiwawa, osati kalata.”

Ndinawauza kuti mawa ndikanena zoona kwa bwana. Anati ndikatero tichotsedwa ntchito tonse awiri, ndiye kalondolondo atsala ndi yani, ndipo agogo anga adya chiyani. Anati nditseke pakamwa, popeza ndi ntchito imene ndimaidziwa bwino.

Kalata sinasainidwe. Chigamba chokonza ndinalemba ndine, liwu limodzi kutsogolo kwa kafankishoni kaja, ndi china chochotsa mzere wanga m'buku. Kwa a Hedi ndinayankha pabwalo kuti chenjezolo silinayenera kulowa m'malo mwa kukonza, ndipo sizidzachitikanso. Anayankha liwu limodzi lovomera. Kwa chaka chathunthu chilichonse chimene ndinavomereza ankachiwerenganso yekha. Chigamba chochotsa dzina la a Zgambo pa mndandanda wa osamalira ndinalembanso ndine, chifukwa iwo anati maso akuwawa. Tinawaperekeza ku basi tonse anayi. Anagwirana chanza ndi aliyense, kwa ine anangogwedeza mutu, nkukwera.

Ndinakhalako zaka zina zinayi. Ndinkawalembera pa foni nthawi ya Khirisimasi, iwo nkuyankha kuti yewo, zikomo wa Chitumbuka, basi. Pabwalo ndinasanduka munthu wodziwika ndi kusabisa. Anyamata atsopano ankandiopa pang'ono. Sankadziwa kumene ndinaphunzira.

Ndinabwerera agogo atayamba kudwala miyendo. Kampani inavomera kuti ndizigwira ntchito ndili ku Kasungu, ndinapeza kanyumba pa boma pamene netiweki imagwira. Ku Wimbe ndinapeza chigafa chitagwa. Munda anatenga mwana wa malume, amene tsopano amadzala soya ndipo amandilankhula mondilemekeza ngati mlendo wa ku boma. Agogo anali atasamukira kwa malumewo, m'kachipinda ka kuseri. Anandigwira dzanja, analitembenuza, anati lafewa. Anafunsa ngati ndinakwatira kumeneko. Nditati ayi, anati ndiye ndinkatani zaka zonsezi, ndipo anayamba kundiuza za anthu amene anamwalira, mmodzimmodzi, ndi amene sanabwere ku maliro awo.

Ku Nkhamenya ndinazengereza miyezi iwiri. Kenaka ndinakwera minibasi, ndinatsika, wa kabaza nkundifikitsa pa nyumba ya njerwa zootcha yofoleredwa mbali imodzi ndi malata, mbali ina ndi udzu. Mayi a kunyumba anandilandira mwa Chitumbuka, anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. A Zgambo anachokera ku nazale, matope ali m'miyendo, ataonda, magalasi ali okhuthala kuposa kale. Tinapatsana moni wautali. Anafunsa za agogo, za anzathu a m'nyumba ija, za bwana. Anati mwana wawo anasiya sukulu chaka chimodzi koma anabwereranso, mlamu wawo atathandiza. Ananena zimenezi mosandiyang'ana, ndipo ine ndinamva.

Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse. Nditayamba, anandidula ndi dzanja, nkutulutsa foni yosweka galasi m'thumba la malaya. Anati bwalo amaliwerengabe, sanadzichotse. Anayandikiza foni ku diso, akufufuza.

“Tsamba lako la kusefa mafankishoni. Chitsanzo chachitatu sichigwira. Dzina lija munalisintha, iwe nkuiwala kukonza m'buku.”

Ndinaganiza pang'ono, ndipo ndinaona kuti akunena zoona.

“Mwachiona liti?”

“Miyezi isanu ndi itatu yapitayo.”

“Nanga osanena bwanji?”

“Ndimafuna ndilaweko zako zija.” Anapukuta magalasi ndi malaya. “Nzowawa, mwana wane. M'mawa uliwonse ndimatsekula kuona ngati wina wagweramo. Sindikudziwa iwe unkadya bwanji nkhuku yanga ija.”

Anati yankho analemba kalekale, likungodikira, koma pakhomo pamenepo netiweki sifika, imagwira pa chulu cha kumunda kwa achimwene awo. Tinanyamuka. Tinadutsa m'mizere yongolimidwa kumene, iwo patsogolo. Pa chulu anakwera mogwira udzu, ine ndikuwakankha kumsana. Pamwamba anandiwerengera zimene analemba. Munalibe moni. Munali dzina langa, dzina la tsamba, ndi mawu akuti chitsanzochi ndi cholakwika ndipo wosamalira anayenera kuchiyesa asanachisiye.

“Nditumize kwa iwe wekha, kapena pabwalo?”

“Pabwalo, madala.”

Anakweza foni m'mwamba, tinadikira. Patapita kanthawi yanga inanjenjemera m'thumba. Ndinakhala pansi pomwepo nkuyankha kuti akunena zoona, ndikonza mawa, ndipo dzina lawo lilowa m'chigambacho monga munthu amene wapeza cholakwikacho.

Potsika anandigwira paphewa chifukwa malo anali otsetsereka. Tili pakati pa munda anandiuza kuti pali zina ziwiri zimene anaona, koma zimenezo atumiza sabata ya mawa ndi sabata inayo, chimodzichimodzi, kuti anthu aziona bwinobwino.